Funsani Achimwene: Anthu anga sakuyatsa makamera pa mitingi

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya kamera pa mamitingi a pa intaneti, ndipo abwera kuchokera mbali zonse, mabwana akudandaula kuti anthu sakuyatsa, ogwira ntchito nawo akudandaula kuti akukakamizidwa. Ndasankhapo anayi, ena ndawadula pang'ono chifukwa anatalika.

FUNSO

Achimwene, ine ndimayang'anira timu ya anthu 12 ndipo ambiri amagwirira ntchito kunyumba, ndiye Lolemba lililonse timakhala ndi mitingi ya ola limodzi pa Zoom. Vuto ndi loti ndimangokhalira kuyankhula ndi timabokosi takuda tolembedwa mayina basi. Ndikafunsa funso kumangoti zii mpaka nditchule dzina la munthu, ndiye nayenso amayamba ndi "pepani bwana tabwerezani, netiweki inaduka". Ndinawapemphapo kuti tiziyatsa makamera, anayatsa sabata imodzi kenako n'kubwerera ku zakale. Pano ndikuganiza zongoika lamulo kuti wosayatsa kamera ndizimulemba kuti sanabwere. Ndikulakwitsa?

Mayi wotopa ndi mabokosi akuda

YANKHO

Mayi, musadzione ngati ndinu ovuta, kuyankhula ndi anthu osawaona n'kotopetsa zedi. Mukakhala nawo m'chipinda chimodzi nkhope zawo zimakuthandizani inu osazindikira n'komwe, wina akagwedeza mutu mumadziwa kuti mfundo yalowa, wina akakwinya nkhope mumabwereza, wina akatsegula pakamwa n'kutsekanso mumadziwa kuti mawu ali nawo koma akuchita mantha ndiye mumamupatsa mpata. Pa mabokosi akuda zonsezo palibe. Ndiye kufuna kwanu kuti muziwaona n'koyenera.

Koma lamulolo lisiyeni kaye. Mukaliika makamera ayaka ndithu, onse 12, koma zomwe muzionazo ndi mphumi ya wina, denga la wina, wina kamera waipendeketsa dala kuti izionetsa khutu lokha, ndipo wina akuyang'anani bwinobwino n'kumagwedeza mutu chonsecho akuyankha maimelo pa sikirini yomweyo. Ndipo mudzayamba ntchito ina yatsopano yomwe simunalembedwere, yaupolisi, kumaweruza kuti amene akunena zoona za netiweki ndi ndani, amene akunama ndi ndani. Imeneyo simungaikwanitse.

Nkhaniyi anthu anaifufuzapo. Mu 2021 Kristen Shockley wa ku University of Georgia ndi Allison Gabriel yemwe nthawi imeneyo anali ku University of Arizona, pamodzi ndi anzawo, anatsatira ogwira ntchito 103 kwa masabata anayi, masabata awiri aziyatsa kamera, masabata awiri asamayatse. Anapeza kuti masiku oyatsa kamera anthu amatopa kwambiri, ndipo kutopako kumachititsa kuti aziyankhula pang'ono komanso mtima usakhale pa mitingipo. Omwe amatopa koposa anali azimayi ndi anthu ongoyamba kumene ntchito, amene amakhala ndi nkhawa ya momwe akuonekera pamaso pa anzawo. Ndiye mukuona, inu kamera mukuifuna kuti anthu ayankhule, pomwe kamera yoyaka ola lathunthu ikhoza kuwatsekanso pakamwa.

Sindikuti muleke kupempha ayi. Ndikuti muzipempha pa nthawi yake, ndipo muzinena chifukwa. Mphindi zoyamba zopatsana moni, yatsani nonse. Munthu akamapereka lipoti lake kapena akamayankha funso, ayatse iyeyo. Mukafika pomanga mfundo yoti aliyense avomereze, kapena pa nkhani yoti ikhoza kuyambanitsa anthu, yatsani, chifukwa mawu opanda nkhope amamveka aukali kuposa momwe mwiniwake amafunira. Kwabwera munthu watsopano, yatsani kuti akudziweni. Koma mukayamba kuonetsa ma slide kwa mphindi 20, aliyense maso ake ali pa zolembazo, nkhope zasanduka tizithunzi ting'onoting'ono m'mbali, kamera ikugwira ntchito yanji pamenepo? Auzeni nokha kuti athimitse. Munthu amene akudziwa kuti akuyatsa kwa kanthawi savuta ngati amene akudziwa kuti akayatsa ndiye wagwidwa mpaka kumapeto.

Ndipo muziwauziratu, osati kuwadzidzimutsa mitingi itayamba kale wina ali m'zovala zogonera. Pa uthenga woitanira anthu lembani chonchi mwachitsanzo: "Tidzayatse makamera mphindi 10 zoyamba komanso pokambirana za bajeti, nthawi ya malipoti mukhoza kuthimitsa. Ngati pali chovuta ndiuzeni pambali, palibe chifukwa chofotokozera pagulu." Chifukwa chake chikhale choona komanso chanu, ngati "ndikamakuonani ndimadziwa ngati ndikuthamanga kapena mukunditsatira". Chifukwa chimenecho anthu amachilandira. Koma akangonunkhiza kuti cholinga n'kufuna kuwagwira kuti sali pa desiki, basi mwawataya.

Tsopano mawu owawa pang'ono, mundikhululukire. Pa ola limenelo, inu mumayankhula mphindi zingati? Ngati ndi 45 kapena 50 ndiye kuti mitingi yanuyo inasanduka wailesi, ndipo palibe amene amasamba n'kupesa tsitsi kuti amvere wailesi. Anthu amathimitsa kamera akadziwa kuti palibe chomwe afunsidwe. Malipoti oti munthu akhoza kuwerenga yekha atumizeni pa imelo dzulo lake, mitingiyo muidule ifike theka la ola, ndipo aliyense akhale ndi kagawo kake olo ka mphindi ziwiri. Pofunsa mafunso siyani zija za "pali ndemanga?" chifukwa funso la aliyense palibe amaliyankha. Muzimuchenjeza munthu: "achimwene a ku akaunti, ndikamaliza apa ndikufunsani za ndalama zotsala." Mwamupatsa mpata woti asiye zomwe amachita, akonze maganizo, ndipo nthawi zambiri amayatsa yekha kamera poyankha. Mukafunsa dikirani ndithu, werengani chamumtima mpaka 10, pajatu mawu amachedwa kufika komanso munthu afufuze kaye batani la maiki. Ambirife timaopa kachete kameneko ndiye timadziyankha tokha, anthu n'kuzolowera kuti bwana amadziyankha.

Chinanso, ayimbireni mmodzimmodzi mumve. Osati mowazenga mlandu, kungofunsa kuti kamera imakuvutani pati. Mupeza kuti zifukwa n'zosiyana, wina ndi bandulo, wina laputopu yake ndi yakale imaima akangoyatsa vidiyo, wina ali ndi khanda, wina sakonda kudziona yekha, ndipo inde, mmodzi kapena awiri amakhala akuchita zina. Awiri amenewo muthane nawo pa ntchito yawo ngati sikuyenda, osalanga nawo anthu 10. Pezani awiri atatu omasuka muwapemphe kuti aziyatsa nanu kuyambira pachiyambi, chifukwa palibe amafuna kukhala nkhope yokhayo pambali pa bwana, koma akaona anzawo anayi ayatsa ena amatsatira okha. Sizichitika Lolemba limodzi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo akayatsa chonde musathirire ndemanga pa nyumba zawo. "Eee kumbuyoko ndi kuchipinda chogona?" mwina inu mukuti ndi nthabwala, koma munthu ameneyo simudzamuonanso.

FUNSO

Achimwene, ndangoyamba ntchito miyezi yapitayi ndipo abwana athu amafuna kamera ikhale yoyaka mitingi iliyonse, tsiku lina timakhala nayo inayi olo isanu pa Teams. Bandulo ndimagula ndekha ndipo imatha mwezi usanafike pakati, komanso ndimakhala m'chipinda chimodzi ndi azing'ono anga ndiye kumbuyo kwanga kumadutsadutsa anthu. Ndikaweruka mutu umakhala ukuwawa ngati ndanyamula katundu chonsecho ndangokhala pampando. Ndikuopa kuwauza poti ndine watsopano angandione ngati waulesi. Nditani?

Mnyamata wongoyamba ntchito

YANKHO

Mng'ono wanga, tiyambe ndi bandulo chifukwa pamenepo pali manambala, ndipo mabwana amamva manambala kuposa madandaulo. Nditenge a Zoom omwe eni ake amalemba: mawu okha amafuna pakati pa 60 ndi 80 kbps, pomwe vidiyo yooneka bwino ya 720p ya anthu awiri imafuna pafupifupi 1.2 Mbps (kbps ndi Mbps ndi miyeso ya liwiro la intaneti, 1 Mbps ndi 1,000 kbps). Mukawerengetsa pa ola limodzi, mawu okha ndi ma MB osapitirira 36, vidiyoyo ndi ma MB 540, ndipo apo tawerenga mbali imodzi yokha, pajatu mumatumiza nkhope yanu kwinaku mukulandira za anzanu. Teams ndi Google Meet manambala ake ndi osiyana pang'ono koma nkhani ndi yomweyo, vidiyo imadya kangapo konse kuposa mawu. Onani pa foni kapena laputopu yanu kuti pulogalamuyo yadya zingati sabata ino, mulembe, mupite nazo kwa abwana.

Pali kanthu kamodzi komwe ambiri sakadziwa. Mukhoza kusiya kamera yanu yoyaka koma n'kutseka mavidiyo omwe akubwera kwa inu. Pa Teams pali "Turn off incoming video", pa Zoom "Stop incoming video", pa Google Meet ya pa kompyuta mumalowa mu Settings, Video, n'kutsitsa Receive resolution mpaka pa Audio only ngati mukufuna. Abwana azikuonani, inu osalipira kuona nkhope 15. Ngati pali kabokosi ka HD kachotseninso, palibe amene akufuna kuwerenga tsitsi lanu. Za kumbuyo kwanu, mapulogalamu onse atatuwa ali ndi blur yomwe imabisa zakumbuyo, kungoti pa laputopu yofooka imalemetsa makina, fani n'kuyamba kulira, ndiye ngati yanu ndi yotero bola kungokhala motsamira khoma, kumbuyo kukhale khoma lokhalokha anthu azidutsa kutsogolo kwanu komwe kamera sikuona.

Kutopako sikuti ndi ulesi. Covid itabwera, anthu olowa mamitingi a Zoom patsiku anachoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020, ndipo dandaulo la kutopa linabuka paliponse. Mu 2021 Jeremy Bailenson wa ku Stanford University analemba zifukwa zinayi. Nkhope za anthu zimakhala pafupi kwambiri ndipo zonse zimaoneka ngati zikuyang'ana inu olo akuyankhula ndi wina. Mumadziona nokha nthawi yonse, zomwe m'moyo wamba sizichitika, ndani amayenda ndi galasi kutsogolo tsiku lonse. Simusuntha chifukwa mukuopa kutuluka m'chithunzi. Ndipo ubongo umagwira ntchito yowonjezera, kugwedeza mutu mokokomeza kuti aone kuti mukumva, kumasulira kuti uja wayang'ana pambali wakwiya kapena wangoitanidwa ndi mwana. Pa zinayizi chosavuta kukonza ndi chodzionacho. Pa Zoom dinani timadontho titatu pa chithunzi chanu musankhe "Hide Self View", pa Teams ndi "Hide for me". Anzanu azikuonanibe, inu nokha ndi amene simudziona. Chepetsaninso windo ya mitingiyo isadzaze sikirini yonse. Yesani sabata imodzi muone mutuwo.

Polankhula ndi abwana musapite ndi "sindikufuna kamera". Pitani ndi pempho looneka mutu wake: muziyatsa poyamba, muziyatsa mukamayankhula, muziyatsa pa mamitingi a anthu ochepa ndi a makasitomala, koma pa aja a anthu ambiri omwe mumangomvetsera akuloleni kuthimitsa, kapena ngati kamera ndi lamulo la kampani ndiye kampani ithandizepo pa bandulo. Chiteni pambali, osati pa mitingi anthu onse akumva, bwana akatsutsidwa pagulu amauma mutu olo akudziwa kuti mukunena zoona.

Koma nanunso ndikuuzeni, poti ndinu watsopano musazimiririke. Anthu omwe anagwirapo ntchito limodzi mu ofesi amadziwana kale, bokosi lakuda likayankhula amaona nkhope m'maganizo. Inu sakudziwani. Ikani chithunzi chanu chabwino pa akaunti kuti kamera ikathima pasamaoneke zilembo ziwiri zokha, ndipo mukathimitsa muzionetsa kuti mulipo, lembani pa chat, dinani kachizindikiro kokwezera dzanja, yankhani msanga mukatchulidwa.

FUNSO

Achimwene, ndimaphunzitsa kalasi ya ophunzira akuluakulu oposa 80 pa intaneti madzulo. Oyatsa kamera sapitirira asanu. Ndikudziwa kuti ena amangolowa n'kusiya foni apo, chifukwa kalasi ikatha mayina awo amatsala pompo mpaka ndiwatulutse ndekha. Ndiyambe kuchotsa malikisi?

Mphunzitsi wamadzulo

YANKHO

Aphunzitsi, za mayina otsala kalasi itatha zandiseketsa, mphunzitsi aliyense wa pa intaneti amawadziwa amenewo. Koma malikisi asiyeni akhale a zomwe munthu waphunzira. Ndiponso olo onse 80 atayatsa simungawaone, Zoom ndi Google Meet zimaonetsa nkhope zosapitirira 49 pa tsamba limodzi, ndipo pamenepo aliyense amakhala kakang'ono koti simungadziwe ngati akumva kapena akuwodzera.

Ku Cornell University aphunzitsi awiri, Frank Castelli ndi Mark Sarvary, anafunsa ophunzira awo chifukwa chomwe samayatsira kamera, zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Chifukwa chomwe chinatchulidwa kwambiri sichinali netiweki ayi, chinali nkhawa ya maonekedwe awo, kenako kuopa kuti anthu ena a m'nyumba aoneka kumbuyo, netiweki inabwera pambuyo pa zimenezo. Enanso ankangoona kuti poti anzawo sayatsa ndiye kuti ndi momwe zimakhalira. Aphunzitsiwo sanalangize zokakamiza, anati kuwalimbikitsa, kufotokoza chifukwa, komanso kunena poyera kuyambira tsiku loyamba. Anu ndi akuluakulu ophunzira madzulo, atopa ku ntchito, ana ali pakhomo, ndiye nkhawa zimenezi ndi zochuluka kuposa apo.

Chomwe mukufuna kudziwa n'choti munthu alipo ndipo akutsatira, ndipo njira zake zilipo zabwino kuposa kamera. Mphindi 10 kapena 15 zilizonse ponyani kafunso kakafupi koti aliyense ayankhe pa chat kapena pa poll (kafunso kongosankha yankho pa sikirini), amene wasiya foni aonekera yekha. Agaweni m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu m'ma breakout room, tizipinda tapadera ta mu pulogalamu momwemo, muwapatse ntchito ya mphindi zochepa, mmenemo ndi momwe mungapemphe makamera, ndipo ambiri amayatsa chifukwa kuonedwa ndi anthu anayi sikufanana ndi kuonedwa ndi 80. Ngati mumajambula kalasi, nenani kuti ikasungidwa kuti ndipo aione ndani, ena amathimitsa chifukwa safuna nkhope yawo ikhale mu vidiyo yomwe sakudziwa komwe ikathere.

Yanuyo ndiye isathime. Pakati pa anthu 80 sipalephera kukhala wina wovutika kumva yemwe amadalira kuona milomo yanu, ndiye nkhope yanu iwale bwino, musatseke pakamwa ndi dzanja, ndipo pamene pali ma caption, olemba pa sikirini zomwe mukuyankhula, yatsani.

FUNSO

Achimwene, mafunso awiri achidule. Kodi amene wayambitsa mitingi akhoza kuyatsa kamera yanga ine osadziwa? Komanso ndikayatsa ndimaoneka mdima wokhawokha, anzanga amati akungoona mano. Vuto ndi laputopu?

Mtsikana wamanyazi

YANKHO

Achemwali, pa Zoom, Teams ndi Google Meet mwini mitingi akhoza kukutsekani maiki, kwina akhoza kukuthimitsiraninso vidiyo, koma kuyatsa kamera yanu sangathe. Pa Zoom chomwe angachite n'kukutumizirani pempho, inu n'kuvomera kapena kukana. Ngozi yeniyeni ndi yoti mwalowa kamera ili yoyaka kale inu osazindikira, ndiye pa Zoom lowani mu Settings muike kuti vidiyo izikhala yothima polowa, ndipo muziyang'ana kachithunzi kamene kamabwera musanadine Join. Malaputopu ambiri ali ndi kanyali pafupi ndi kamera, kakayaka ndiye kuti ikujambula. Ngati mtima sukukhazikikabe matani kapepala pa kamerapo kapena kokani kachitseko kake ngati kalipo.

Kachithunzi koyambirirako musamakadumphe. Mu Febuluwale 2021 loya wina wa ku Texas analowa mlandu wa pa Zoom nkhope yake itasanduka ya mphaka chifukwa cha filter yosintha maonekedwe a nkhope yomwe inali pa kompyuta yomwe amagwiritsa ntchito, n'kumayesetsa kutsimikizira woweruza kuti iye si mphaka, vidiyoyo mpaka inazungulira dziko lonse.

Za mdimazo kawirikawiri si laputopu, ndi komwe kuwala kukuchokera. Ndikuganiza kuti mumakhala windo ili kumbuyo kwanu. Kamera ikaona kuwala kwambiri kumbuyo imadzichepetsa yokha kuti windoyo isathobwe, nkhope yanu n'kuda. Tembenukani muyang'anizane ndi windo, usiku ikani nyale kuseri kwa laputopu iziwalitsa nkhope, osati babu la padenga lokha lomwe limasiya mithunzi m'maso. Pukutani kagalasi ka kamerako ndi kansalu kofewa, zala zimasiyapo mafuta. Kwezani laputopuyo pa mabuku kuti kamera ifanane ndi maso anu, ikakhala pansi anthu amaona chibwano ndi mphuno. Ngati mukugwiritsa ntchito foni itsamiritseni pa chinthu, musaigwire m'manja chifukwa chithunzi chogwedezeka chimazunguza anzanu mutu.

Poti ndinu amanyazi, dziwaninso njira yothimitsira mwachangu wina akalowa m'chipinda mwadzidzidzi: pa kompyuta ya Windows, Zoom ndi Alt ndi V, Teams ndi Ctrl, Shift ndi O, Google Meet ndi Ctrl ndi E. Dinani kamodzi yathima, dinaninso yayaka.